Diresi la pa 24 Okutobala

Diresi lija lakhala m'sutikesi pamwamba pa kabati kuyambira tsiku lomwelo. Ndi lobiriwira, ndipo kuchokera paphewa kutsika m'munsi lili ndi mizere itatu, wofiira, wakuda ndi wa mtundu wa lalanje, monga mbendera yathu ya Zambia. Mwana wanga analivala kamodzi kokha, ndipo dzuwa la tsikulo linalowa iye atalivula kale. Ndikatsitsa sutikesi kuti nditengemo bulangete kapena makalata, dzanja limayamba lakhudza neti ya m'kati mwake, yokanda ngati thumba la anyezi, basi tsiku lonse lija landibwerera.

## Mlungu wokonzekera

Lonjezo linali lakale. Temu ikuyamba ndinamuuza kuti akakhoza mayeso a pakati pa temu, pa tsiku la Ufulu tidzapita kumalo a masewera aja ali kunja pang'ono kwa tauni, kumene kuli akatungwe a makina ndi madzi osewerera ana. Anali giredi 2, ndipo anakhozadi. Chaka chake chinali 2024, dziko likukwanitsa zaka 60, ndipo 24 Okutobala inagwera Lachinayi. Amama anali kwathu ku Mtendere, mu Lusaka, masiku amenewo, atabwera kuchokera ku Katete kudzapimitsa maso. Ulendo unakhala wa anthu atatu.

Kukonzekera kwanga konse kunathera pa zovala. Loweruka ndinazungulira masitolo a ku Kamwala kufuna nsalu yonyezimira, yoti ikaombedwa ndi dzuwa munthu azicheuka. Telala wa pamsika anasoka ndi makina opondera mwendo, poti chaka chija magetsi tinkawaona pakati pa usiku, maola owerengeka, madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala. Ndinamuuza kuti aike neti iwiri m'kati, diresi lifufume. Nsapato sindinafune za salaula. Ndinagula zatsopano m'tauni, zakuda zong'anima, za kalamba pamwamba, ndipo mtengo wake ndinautchula kangapo m'nyumba, mwana ali pomwepo akumva. Lachitatu madzulo anakhala pamkeka maola atatu akulukidwa tsitsi, ine ndikuunikira ndi tochi ya foni, ndipo kunsonga konse tinaikako mikanda. Simbi ya makala ndinakabwereka kwa aneba.

Ndikusita usiku womwewo, amama anabwera n'kugwira nsalu ija pakati pa zala ziwiri. Anaipekesa pang'ono, kenako anaiika patsaya. Iwo alima thonje zaka zambiri, ndipo nsalu amaidziwa poigwira, osati poiona.

"Iyi si nsalu, ndi pulasitiki," anatero. "Mwana apsa umu."

"Amama, kumene tikupitako kumabwera ana a kumayadi," ndinayankha. "Sindifuna wanga akaoneke ngati wotoledwa."

Sanandibwezere mawu. M'mawa mwake ndinawaona akupinda zitenje ziwiri zakale, zofewa ndi kuchapidwa, n'kuziika pansi pa chikwama chawo. Ine madzi akumwa ndinawakumbukira titatseka kale chitseko. Firiji inali yofunda kuyambira dzana, choncho ndinangotunga a m'ndowa botolo limodzi, la anthu atatu.

## Dzuwa la Okutobala

Mzinda uno uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo m'mawa wake umanyenga. Timatuluka 8 koloko kukuomba kamphepo, maluwa otsiriza a jakaranda atayala pansi m'mbali mwa msewu, mwana akuyenda patsogolo mikanda ikulira kuti tseketseke. Amayi a pa sitandi ya tomato anamuimbira m'manja. Mtima wanga unadzaza, sindibisa.

Minibasi yoyamba inatitsitsa m'tauni. Yachiwiri inakhala nthawi yaitali ikudikira kudzaza, mazenera awiri osatseguka, ndipo m'menemo ndi mmene ndinaona thukuta loyamba likutsika kuseri kwa khutu lake. Titatsika panalinso kamtunda koyenda pansi, m'fumbi. Ndinamupukuta nsapato ndi mpango kawiri tisanafike pa geti. Kawiri konseko ndinanena mawu omwe ndinakhala ndikunena kuyambira m'mawa: "Usadetse diresi."

Tinalowa cha m'ma 11 koloko, nyenje zikulira m'mitengo ngati waya wa magetsi. Kumapeto kwa Okutobala kuno dzuwa limadutsa pamwamba penipeni pa mutu, moti masana mthunzi wa munthu umabisala pansi pa mapazi ake. Khoma silikupatsa mthunzi, chikwangwani sichikupatsa mthunzi, koma mtengo wokha. Kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo chitsulo chilichonse chimene chakhala padzuwa kuyambira m'mawa chimaotcha ngati chiwaya. Malo a masewera ndi chitsulo, simenti ndi pulasitiki, kuyambira pa geti mpaka kumapeto.

## Pamphepete pa madzi

Choyamba anakwera timahatchi tozungulira tija. Anakhala chowongoka, dzanja limodzi pa chitsulo, lina likutsikiza diresi kuti lisauluke. Ndinajambula zithunzi zambiri. Zili m'foni mpaka lero, ndipo pa chilichonse sakuseka.

Kenako tinafika pa chinyumba chopopedwa mpweya chija ana amadumphamo, chimene tonse timangoti jumping castle. Mnyamata woyang'anira anati nsapato zitsale kunja. Mwana anayang'ana nsapato zake, anayang'ana mulu wa mapatapata a anzake uli mbwee pafumbi, kenako anayang'ana ine.

"Sindikufuna," anatero.

Mwana ameneyu amadumpha pa bedi mpaka ndimukalipire. Ndinadabwa, koma ndinati mwina ndi manyazi a malo achilendo. Pa akatungwe a unyolo mzere unali wautali, wopanda denga, ndipo tinaima pamenepo mphindi zoposa 20. Titatsala pang'ono kufika kutsogolo anandikoka chala n'kunena kuti tichoke. Madzi a m'botolo anali atafunda ngati osamba. Anamwa kamodzi n'kukana.

Tinatsikira kumadzi. Kuli kadziwe kofika m'maondo, ndi mipope yopopera madzi m'mwamba, ana akuthamanga pansi pake akukuwa. Apa ndi pamene ndinayang'anitsitsa ana aja ndinkawaopa mlungu wonse. Ndinawaona akutsika m'magalimoto akuluakulu pa geti, ndipo tsopano anali pamaso panga. Makabudula osuluka. Matisheti okula khosi, ena olembedwa dzina la sukulu litafufutika. Zipewa zopindika. Mwana amene anatchena pamalo ponsepo anali wanga yekha, ataima pa simenti yotentha, manja onse awiri atakweza mpendero wa diresi kuti madontho asaufike.

Anaima choncho nthawi yaitali. Kenako anangokhala pansi, pa simenti pomwepo, osasamalanso za diresi. Milomo inali itauma, nkhope itachita phulusa.

"Amami, mutu," anatero. "Zinthu zikuzungulira."

Ine ndinasokonezeka, ndinayamba kumupepesa ndi kapepala ka tikiti. Amama sanafunse kanthu. Anamunyamula, munthu wa zaka zoposa 60, mpaka pansi pa mtengo wa kumpanda. Anatulutsa chitenje chimodzi n'kundipatsa. "Gwira apa, utchinge." Ndinatambasula manja ngati khoma, iwo kuseri akumasula zipi. Diresi linatuluka lolemera, lonyowa m'kati, louma kunja. Thukuta lonse linali litatsekeredwa m'menemo, lopanda kothawira. Msana wa mwana unali tizidzolo tokhatokha, ndipo m'chiuno neti inali itadinda mzere wofiira kuzungulira.

Atamuvula nsapato yakumanzere, sokosi inakana kuchoka. Inali itamatirira pachidendene ndi magazi. Thuza linatuluka, linaphulika, ndipo iye anapitiriza kuyendapo, mwina kuyambira pa kamtunda ka fumbi kaja.

"Bwanji sunanene?" ndinamufunsa.

"Munati ndi zodula."

Mawu atatu amenewo sandichoka. Ndalama ija ndinaitchula kuti amama adziwe kuti mdzukulu wawo ndikumusamala. Mwana anaimva mwina. Anamva kuti phazi lake liyenera kupirira nsapato.

Amama anakanyowetsa chitenje pa mpopi, anamupukuta pankhongo, m'khwapa ndi kuseri kwa maondo, kenako anamufunditsa chonyowacho n'kumamupepesa. Mayi wina amene anakhala pa udzu pafupi nafe, mmodzi mwa eni magalimoto aja, anabwera osaitanidwa. Anatsegula chikwama, anatulutsa pulasitala ndi botolo la madzi lomwe m'kati mwake munali mukugubuduka chibuma cha ayezi. "Azimwa pang'onopang'ono, amama, asagugude," anauza amama, atagwada. Sanayang'ane diresi, sanayang'ane ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga ndinkayembekezera. Anabwerera kwa ana ake.

Patapita ngati theka la ola maso a mwana anayera. Anayamba kusuzumira kumadzi. Amama anatenga chitenje chouma chija, anachipinda pakati, anamukulunga kuyambira m'khwapa, nsonga ziwiri anazipingasa pachifuwa n'kumanga mfundo pankhongo, monga amachitira ndi ana opita kudambo. Anamumenya kambama kofewa kumbuyo.

"Mkazi mnzanga, thamanga. Madzi akutha."

Sanathamange. Anatembenukira kwa ine.

"Amami, ndinganyowe?"

Ndinangogwedeza mutu, chifukwa mawu sakanatuluka. Ndinamugulira mapatapata pa kasitolo ka m'katimo, pa mtengo woposa wa kumsika, ndipo analowa pansi pa mipope ija akutsimphina. Kukuwa kwake koyamba ndinakuzindikira pakati pa ana onse aja.

Ku zotsetsereka zazitali ndi kwa akatungwe a unyolo sanamulole. Woyang'anira anati nsalu yomanga mfundo ingamasuke kapena kukodwa, ndipo mapatapata amauluka munthu akakhala m'mwamba. Mnyamatayo sanalakwe. Zimene mwana anazilota temu yonse anaziona ndi maso okha, kabudula wake wa masewera a kusukulu ali pa chingwe ku Mtendere.

## Show ya 1996

Tinatsala awiri pansi pa mtengo, diresi lili pa udzu pakati pathu.

"Ndikudziwa chimene wasokera diresi ili," amama anatero, maso ali kumadzi. "Ndi mayi wa ku Show uja."

Sindinkadziwa kuti amakumbukira. Sitinakambepo za tsikulo zaka zonsezi.

Tinkakhala ku Chawama nthawi imeneyo. Atate anali atachotsedwa ntchito pamene makampani a boma ankagulitsidwa ndi kutsekedwa, ndipo m'nyumba munalibe chogulira chovala. Koma Show, chionetsero chija cha zaulimi ndi zamalonda, ikafika, kumayambiriro kwa Ogasiti, mwana aliyense wa mu Lusaka mtima umakhala ku Showgrounds. Amama anasunga ndalama za mandasi, ndipo Lolemba lotsiriza, tsiku la alimi, anandigwira dzanja mpaka ku Great East Road. Kunali mphepo ya fumbi ija ya Ogasiti. Ndinavala kabudula wa achimwene ndi juzi ya sukulu yobooka pachigongono, miyendo itatuwa. Tili pamzere wa chigudumu chachikulu chija chokweza anthu m'mwamba, mtsikana wa diresi loyera anaima pambali panga n'kundimwetulira. Mayi ake anamukoka mkono. "Sendera kuno, utenga nsabwe." Ananena mokweza, anthu anacheuka.

Ndinali ndi zaka 8. Kuyambira pamenepo sindinapitepo pagulu osadziyang'ana kaye ndi maso a mayi ameneyo. Ndinalowa nawo ku sekondale, ndinapita nawo kofunsira ntchito, ndipo mlungu uja ndinali nawo ku Kamwala ndikusankha nsalu.

"Koma unakwera," amama anapitiriza. "Unakwera kawiri. Ndalama yobwerera inathera pomwepo, tinayenda pansi mpaka m'tauni. Unatsika ukuseka mano onse pamtunda, ukundiuza kuti waona nyumba zonse za mu Lusaka. Iwe unasunga mawu a mayi uja. Ine ndinasunga kuseka kwako."

Za kukwera kawiri ndinali nditaiwaliratu. Ndinayesa kuzikumbukira pansi pa mtengo uja, ndipo zinabwera pang'ono: mphepo yozizira kumaso, mpando ukugwedera, anthu pansi ngati nyerere.

Pali china chimene ndinachiona tsiku lija, ndipo sichikhudza ine ndekha. Anthu aja amavala zosuluka chifukwa amapitako kawirikawiri. Galimoto ili pa geti, zosinthira zili m'buti, kunyumba kuli sola yoyendetsa firiji, ndipo palibe amene angawafunse ngati alipira. Ife a m'komboni timapitako kamodzi pa chaka, mwinanso kamodzi pa ubwana wonse, ndiye timavala kuti mlonda wa pa geti ndi anthu a pamzere atipatse ulemu. Mantha amenewo sitinawatole pamsewu, alipo amene anatipatsa. Sindingaseke mayi aliyense amene ndingamuone atamuveka mwana suti ndi tayi pa Okutobala. Ndimangofuna nditamuyandikira n'kumufunsa ngati m'chikwama muli kabudula.

## Chaka chotsatira

Tinabwererako pa Ufulu wa 2025, awiri, amama ali ku Katete akukonza munda. Ulendo uno ndinayambira ku msika wa Soweto, pa milu ya salaula, ndikutembenuza matisheti kuti ndiwerenge kansalu ka m'khosi. Ndinkafuna olembedwa 100% cotton, a mtundu wowala, otakasuka. Thonje limamwa thukuta n'kulilola kuuma, ndipo thukuta likamauma ndi pamene thupi limazizira. Nsalu yonyezimira ija inkatsekereza zimenezi. Ndinapezanso kabudula wa thumba la zipi, ndipo m'thumbamo ndinaikamo kapepala ka nambala yanga ya foni, kokulunga m'pulasitiki, poti pa tsiku la tchuthi anthu amachuluka ndipo mwana amasowa m'kuphethira kwa diso.

Nsapato anavala zakale za nsalu, zomanga zingwe, zimene phazi linazizolowera kale. Nsapato yatsopano siyambira ulendo wautali, iyambe yayenda kaye masiku angapo pafupi ndi nyumba. Tsitsi tinaluka logona, lopanda mikanda, kuti chipewa chikhale bwino ndiponso pasakhale chomenya kumaso katungwe akathamanga. Zosambira anavaliratu m'kati. Ine ndinavala buluku ndi malaya a manja aatali opepuka, chitenje chili m'chikwama, chifukwa chomanga m'chiuno sichikwera nawo makina.

Chikwamacho chinalemera ndi madzi. Mabotolo awiri ndinawasiya kwa mayi wogulitsa ayezi pafupi ndi kwathu masiku awiri ulendo usanafike, anauma gwa, ndipo ndinawakulunga m'thaulo. Anasungunuka pang'onopang'ono mpaka madzulo. Ndinatenganso timapaketi tiwiri ta ORS, ufa uja wosungunula m'madzi akumwa wobwezeretsa madzi m'thupi. Kolera ya kumayambiriro kwa 2024, ija inasandutsa bwalo la mpira la Heroes Stadium chipatala, inatiphunzitsa tonse kufunika kwake, ndipo ngakhale popanda paketi muyeso timaudziwa: lita 1 ya madzi abwino, masupuni a tiyi 6 a shuga osadzaza mulu, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Pulasitala, jumbo ya zonyowa, mazira owiritsa ndi nthochi zodyera panjira. Mafuta oteteza kudzuwa ndinayamba kugula nditaona mapewa a mwana akusupuka patatha masiku atatu chichokereni kumadzi kuja. Ambiri timati khungu lakuda silipsa. Limapsa, kungoti silifiira msanga kuti uone.

Chachikulu chinali nthawi. Tinanyamuka 6 koloko, ndipo geti limatsegulidwa ife tili kale pamenepo. Makina onse achitsulo tinathana nawo m'mawa, mipando isanatenthe, mizere isanatalike. Akatungwe a unyolo anakwera katatu, ine kamodzi, ndipo ndili m'mwamba ndinamva mphepo ija ya 1996 kumaso. Dzuwa litafika paliwombo tinali m'madzi ndi pansi pa mtengo womwe uja. Ndinkamuitana kudzamwa asananene kuti ali ndi ludzu, chifukwa mwana wotanganidwa ndi masewera sanena. Akayamba kudandaula mutu, chizungulire kapena mseru, masewera atha, apite pamthunzi. Akasokonezeka kalankhulidwe kapena kukomoka, imeneyo ndi ya kuchipatala msanga, osadikira.

Kutchena sindinasiye. Lamulungu mwana wanga amapita kutchalitchi atasitidwa bwino, ndipo ndimanyadira. Koma mtengo wa chovala chake sindiutchulanso iye ali pafupi.

## Neti

Mwezi watha amama anaimba foni. Mwana wa mng'ono wanga ku Katete wafika msinkhu wa diresi lija, ndipo kusukulu kwawo adzavina pa Ufulu. Anati ndilitumize pa basi ya ku Chipata, akalilandira pamsewu.

"Koma uchotse neti ija," anatero. "Kuno tidzaika nsalu ya thonje m'kati. Chitenje chija mkazi mnzanga anasambira nacho chilipo?"

Chilipo. Mwana anakana kuchibweza, amagona atachifunda kumapazi ngakhale kukutentha. Nditamufunsa ngati tingachidule kuti chikhale m'kati mwa diresi la mng'ono wake, anaganiza usiku wonse, ndipo m'mawa anati tidule theka lokha.

Ndinatsitsa sutikesi Lachisanu. Telala anasoka neti ija ndi ulusi wowirikiza, monga ndinamuuzira, ndipo ndikuimasula ndi lezala, msoko umodziumodzi, kuti ndisaboole nsalu yobiriwira. Yoyamba yachoka. Yachiwiri ndafika nayo pakati pa msana, pamene pali zipi.